PENG DEHUAI: MWANA WOPEMPHETSA AMENE ADABWEZA ASILIKALI A MAIKO AMBIRI M'NYENGO YA CHISANU

Pa tsamba lathu la mbiri ya anthu odziwika, lero tikupita kutali, ku China ndi ku Korea. Munthu wake ndi Peng Dehuai, mkulu wa asilikali amene adamwalira mu 1974. Ameneyu ndiye adatsogolera nkhondo yaikulu ya m'nyengo ya chisanu ya 1950, pamene asilikali a China adabweza magulu a nkhondo a America ndi anzawo amene adalowa ku North Korea. Chidamupambanitsa pa nkhondoyo ndi khalidwe lake losadzinamiza komanso losanamiza akuluakulu ake. Chomvetsa chisoni nchakuti khalidwe lomwelo ndi limene lidamugwetsa m'mavuto mpaka imfa.

Ubwana wa njala

Peng adabadwa pa 24 Okutobala 1898 m'boma la Xiangtan, chigawo cha Hunan, boma lomwe adabadwira Mao Zedong. Makolo ake adali alimi. Mai ake adamwalira iye akadali wamng'ono, bambo ake nkumadwaladwala, ndipo mng'ono wake wakhanda adafa ndi njala. Sukulu adangoilawa zaka ziwiri basi. Zinthu zitafika pa mwana wakana phala, banjali lidagulitsa minda ndi katundu wa m'nyumba, ndipo Peng ndi mng'ono wake adayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha chakudya. Agogo ake aakazi, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, nawonso ankatuluka m'chisanu kukapempha. Manyazi a masiku amenewo sadamuchoke mumtima moyo wake wonse.

Adagwirako maganyu osiyanasiyana: kutema nkhuni, kuweta njati za eni ake, kenako kugwira ntchito mu mgodi wa malasha ali ndi zaka 13. Mgodiwo utagwa, eni ake adathawa osamulipira ndalama zake zonse. Mu 1913 kudagwa chilala, ndipo Peng adali m'gulu la anthu amene adathyola nkhokwe ya wamalonda wina wobisa mpunga pofuna kukweza mtengo. Apolisi atayamba kumusaka, adathawira ku nyanja ya Dongting, kumene adasenza dothi lomangira madamu zaka ziwiri. Mu 1916 adalowa usilikali. Adalowera mimba, chifukwa ku usilikali kudali chakudya ndi kandalama kotumiza kumudzi.

Kukwera kwake

Kumeneko adaonetsa kulimba mtima, ndipo adamutumiza ku sukulu ya usilikali ya Hunan. Mu 1928 adalowa chipani cha chikomyunisiti, ndipo mu Julayi chaka chomwecho adaukira boma pamodzi ndi asilikali ake m'tauni ya Pingjiang. Kumapeto kwa chakacho adakakumana ndi Mao Zedong ndi Zhu De m'mapiri a Jinggang. Adayenda nawo ulendo wautali uja wa 1934 mpaka 1935, pamene asilikali a chipanichi adathawa adani awo wapansi makilomita masauzande ambiri. Pa nkhondo yolimbana ndi Japan adali wachiwiri kwa Zhu De, ndipo mu 1940 adatsogolera chiwembu chachikulu choononga njanji, milatho ndi migodi imene a Japan ankagwiritsa ntchito kumpoto kwa China. Pa nkhondo yapachiweniweni imene idatha mu 1949, iye ndiye adalanda zigawo za kumpoto chakumadzulo.

Anthu ankamudziwa kuti ndi munthu wa mtima wapachala, wosapsatira mawu, wokalipa ngakhale kwa akuluakulu anzake. Sankafuna maphwando. Ankadya zomwe asilikali wamba akudya. Ngakhale Mao weniweniyo ankamutsutsa pamaso, zimene ena sankayerekeza nkomwe.

Nkhondo ya ku Korea

Tsopano timvetsetse mmene nkhondo ya ku Korea idayambira. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, dziko la Korea lidadulidwa pakati pa mzere wotchedwa 38. Kumpoto kudali boma la Kim Il Sung lothandizidwa ndi Soviet Union, kummwera boma la Syngman Rhee lothandizidwa ndi America. Pa 25 Juni 1950 a kumpoto adawoloka mzerewo nkutsala pang'ono kulanda dziko lonse. Bungwe la United Nations, lija ambiri tidazolowera kulitcha ONU, lidatumiza asilikali kukathandiza a kummwera. Onse pamodzi maiko 16 adatumiza omenya nkhondo, ndipo awiri adali a kuno ku Africa: South Africa idatumiza ndege, Ethiopia idatumiza asilikali apansi mu 1951. Mtsogoleri wa onsewa adali Douglas MacArthur wa ku America.

Pa 15 Sepitembala MacArthur adatsitsa asilikali pa doko la Inchon, kumbuyo kwa adani, ndipo nkhondo idatembenuka. Koma sadakhutire ndi kubweza a kumpoto kwawo. Mu Okutobala asilikali ake adawoloka mzere wa 38, adalanda Pyongyang pa 19 Okutobala, nkumalowera ku mtsinje wa Yalu, umene ndi malire a Korea ndi China. Nduna yaikulu ya China, Zhou Enlai, idachenjeza kudzera kwa kazembe wa India kuti a America akawoloka mzerewo, China ilowerera. MacArthur adaona ngati nkuopseza chabe. Atakumana ndi pulezidenti Harry Truman pa chilumba cha Wake pa 15 Okutobala, adamutsimikizira kuti a China sangabwere, ndipo akabwera ndege ziwamaliza.

Ku Beijing nako akuluakulu ambiri sankafuna nkhondo. Dziko lidali litangotuluka kumene m'nkhondo za zaka zambiri, lopanda ndege zokwanira, lopanda akasinja okwanira. Lin Biao, amene ankayembekezeka kutsogolera, adakana ponena kuti akudwala. Peng adaitanidwa mwadzidzidzi pa 4 Okutobala, adavomera, ndipo pa 8 Okutobala adapatsidwa udindo. Usiku wa pa 19 Okutobala asilikali ake adayamba kuwoloka Yalu.

Msampha wa m'mapiri

Peng adayamba ndi kuwerengera zimene alibe. Kumwamba kudali kwa adani. Magalimoto adali ochepa. Mawailesi olankhulirana adali kwa akuluakulu okha. Ndiye adagwiritsa ntchito zimene adali nazo: miyendo, mdima ndi mapiri. Asilikali ankayenda usiku okhaokha, kukacha nkubisala m'nkhalango, m'mapanga ndi m'migodi, osasonkha moto. Ndege zinkadutsa pamwamba osaona kanthu. Pofika kumapeto kwa Novembala, asilikali a China pafupifupi 300,000 adali atalowa mu Korea, pamene akazitape a MacArthur, motsogozedwa ndi Charles Willoughby, ankapereka chiwerengero chochepa kwambiri. Ankauza bwana wawo zimene iye ankafuna kumva.

Pa 25 Okutobala Peng adamenya koyamba, ndipo ku Unsan asilikali a America adaona zakuda. Kenako pa 5 Novembala adasiya dala, nkubwerera m'mapiri ngati munthu wotopa. Adamasulanso akaidi ena kuti adani aganize kuti a China alibe chakudya ndipo akufuna kubwerera kwawo. MacArthur adameza nyambo. Pa 23 Novembala asilikali ake adadya phwando la nyama ya nkhukundembo kutsogolo komweko, ndipo pa 24 Novembala adalamula ulendo womaliza wopita ku Yalu, anyamata akuyembekeza kukadyera Khrisimasi kwawo.

Apa tikumbukire kuti nyengo za kumeneko nzosemphana ndi zathu. Novembala ndi Disembala, ife tikubzala ndi kupalira m'mvula, kumeneko ndi nyengo ya chisanu. Ndipo chisanu chake si chija timati tikafunda bulangete tapulumuka ayi. M'mapiri a kumpoto kwa Korea chaka chimenecho kuzizira kudafika madigiri 30 pansi pa ziro, mwina kuposa. Mitsinje idauma gwa ngati mwala. Mfuti zinkakana kulira, mafuta a galimoto nkuundana, ndipo munthu wovulala akagona panja usiku umodzi, m'mawa ankapezeka atauma.

Magulu a MacArthur adali awiri, olekanitsidwa ndi mapiri ataliatali. Kumadzulo kudali gulu la Walton Walker, la asilikali a America, South Korea, Britain, Australia ndi Turkey. Kummawa kudali gulu la Edward Almond. Onsewa adali omangika ku misewu chifukwa cha magalimoto ndi mizinga yawo, ndipo misewu ya m'mapirimo idali yopapatiza. Peng adaona kuti akatseka msewu kumbuyo kwawo, mphamvu zawo zonse zisanduka katundu wolemetsa.

Usiku wa pa 25 Novembala, m'mbali mwa mtsinje wa Chongchon, mapiri adangoti wee ndi malipenga ndi mawezulo. Zimenezi zidali njira yopatsirana zizindikiro posowa mawailesi, koma kwa adani zidali zoziziritsa nkhongono. Peng adalunjika pamalo pofooka, pamene padali asilikali a South Korea ku Tokchon, ndipo adabalalika m'masiku awiri. Kenako gulu lina la China lidathamanga wapansi makilomita oposa 70 m'maola 14 kukatseka msewu ku Samso-ri, kumbuyo kwa a America. Asilikali a Turkey adalimbana kolimba ku Wawon koma adataya anthu ambiri. Gulu lachiwiri la asilikali apansi a America, pothawa ku Kunu-ri, lidadutsa mumsewu wa m'chigwa zipolopolo zikuvumbwa mbali zonse ziwiri, ndipo lidataya anthu oposa 4,000, akufa, ovulala ndi ogwidwa. Walker adalamula kubwerera. Adasiya Pyongyang kumayambiriro kwa Disembala nkubwerera makilomita pafupifupi 190 mpaka ku mzere wa 38. M'mbiri ya asilikali a America, kubwerera m'mbuyo kotalika chonchi sikudachitikepo.

Kummawa, pa dziwe lalikulu la Chosin, nkhondo idabuka pa 27 Novembala. Asilikali a China pafupifupi 120,000, motsogozedwa ndi Song Shilun, adazinga adani pafupifupi 30,000. Njira yothawira idali imodzi yokha, msewu wa makilomita 125 wopita ku doko la Hungnam. Gulu la America limene lidali kummawa kwa dziwelo lidaphwanyidwa. Koma mkulu wa asilikali a Marines, Oliver Smith, adali wochenjera: sadathamange monga ankamukakamizira, adasunga katundu m'njira ndipo adakonza bwalo la ndege lonyamulira ovulala. Anthu ake adatuluka akumenya nkhondo sitepe ndi sitepe. A China ataphulitsa mlatho pa phompho la Funchilin, ndege zidaponya zidutswa za mlatho wina kuchokera kumwamba, nkuulumikiza pomwepo. Pofika pa 24 Disembala zombo zidali zitanyamula asilikali pafupifupi 105,000 ndi anthu wamba othawa nkhondo pafupifupi 100,000 kuchoka ku Hungnam. M'mwezi umodzi wokha, North Korea yonse idachoka m'manja mwa MacArthur.

Mtengo wake

Koma abale, chipambano chimenechi chidagulidwa ndi mitembo. Asilikali a Song Shilun adachokera kumadera ofunda a China ndipo adathamangitsidwa kunkhondo asadalandire zovala zokwanira za chisanu. Ambiri adali ndi nsapato za chinsalu. Chakudya chawo chidali mbatata zouma ndi chisanu zosalumika. Pambuyo pake kamba wa asilikali a Peng adadzakhala ufa wokazinga, umene aliyense ankanyamula m'kathumba katali pakhosi nkumabwira ndi chipale chofewa m'malo mwa madzi. Magulu ena adapezeka atafera m'maenje awo, mfuti zili m'manja, osaomberedwa ndi aliyense. Mabuku a China omwe amavomereza kuti pa Chosin pokha asilikali pafupifupi 30,000 adavulazidwa ndi chisanu, ndipo gulu lonselo lidatenga miyezi itatu lisadabwerere kunkhondo.

Imfa idafika ngakhale pakhomo pa Peng. M'mawa wa pa 25 Novembala, ndege zidaponya mabomba a moto pa likulu lake, ndipo mmodzi mwa ophedwa adali Mao Anying, mwana wamwamuna wamkulu wa Mao, amene ankagwira ntchito yomasulira Chirasha. Peng adapempha kuti mnyamatayo aikidwe ku Korea komweko ngati msilikali wina aliyense, ndipo zidatero.

Apa mpamene khalidwe la Peng lidaonekera bwino. Pamene ku Beijing ankaomba m'manja, iye ankawerenga mimba ndi mapazi a anthu ake. Ankadziwa kuti msilikali amanyamula chakudya ndi zipolopolo za sabata imodzi basi, ndipo akapitirira kummwera, mtunda wobweretsera katundu ukutalika ndege zikuphulitsa. Adapempha Mao kuti asilikali apume kaye kumpoto kwa mzere wa 38. Mao adakana. Peng adamvera, adamenyanso usiku wa pa 31 Disembala, ndipo pa 4 Januwale 1951 adalanda Seoul. Patangopita masiku ochepa adalamula kuti asiye kuthamangitsa adani. Kim Il Sung adakwiya kwambiri, poganiza kuti mdani watsala pang'ono kugwera m'nyanja. Peng sadasunthe. Adaona kuti Matthew Ridgway, amene adalowa m'malo mwa Walker atafa pa ngozi ya galimoto, akubwerera mwadongosolo, ndipo akufuna kumukokera pamalo poti amuphwanye. Stalin adagwirizana ndi Peng.

Mu Febuluwale Peng adapita yekha ku Beijing kukauza Mao pamaso kuti asilikali akufa ndi njala ndi usiwa, ndipo nkhondoyi singathe msanga. Zimene ankaopa zidachitikadi. Mu Malichi Seoul idabwerera kwa adani, ndipo nkhondo yaikulu ya Epulo ndi Meyi idadya asilikali a China ambirimbiri popanda phindu. Peng mwiniwake adavomereza kuti pamenepo adalakwitsa. Kuyambira Julayi 1951 mbali ziwirizi zidayamba kukambirana uku zikuphana m'maenje, mpaka pangano loleka kuomberana lidasainidwa pa 27 Julayi 1953, Peng nkuikapo dzina lake tsiku lotsatira. Malire adabwerera pafupi ndi pomwe adali poyamba. China imavomereza kuti idataya asilikali oposa 180,000, America pafupifupi 36,000, ndipo a ku Korea, makamaka anthu wamba, adafa mamiliyoni. Mpaka lero pangano la mtendere weniweni silidasainidwe, ndipo mabanja ambiri adalekana osadzaonananso.

Kalata imene idamugwetsa

Peng adabwerera kwawo ngati ngwazi. Mu 1954 adakhala nduna ya chitetezo, mu 1955 adapatsidwa udindo wa Marshal, wachiwiri pa anthu khumi. Tisamuyeretse ngati mngelo ayi. Mu 1958 iye yemwe adatsogolera misonkhano yonyoza akuluakulu anzake a usilikali, Su Yu ndi Liu Bocheng, ndipo adawapweteka.

Chaka chomwecho Mao adayambitsa ndondomeko yotchedwa Kudumpha Kwakukulu Kopita Patsogolo. Alimi adawaunjika m'magulu akuluakulu, kudyera pa khitchini imodzi, ndipo adawachotsa m'minda kuti azisungunula zitsulo m'ng'anjo za kuseri kwa nyumba. Miphika ndi makasu zidaponyedwa m'moto, nkutuluka chitsulo chopanda ntchito. Akuluakulu a m'maboma, poopa kuoneka aulesi, ankalemba zokolola zabodza, ndipo boma linkatenga gawo lake potsata mabodzawo, alimi nkutsala manja lende. Mu Disembala 1958 Peng adapita kumudzi kwawo ku Hunan. Adaona mbewu zikuolera m'minda, nkhalamba ndi ana akudya kachakudya kosakwana. Munthu amene adapemphapo chakudya khomo ndi khomo sukanamunamiza za njala.

Mu Julayi 1959 atsogoleri a chipani adakumana pa phiri la Lushan. Pa 14 Julayi Peng adapereka kalata kwa Mao, ya iye yekha, yolembedwa mwaulemu, yoyamikira zina koma yonena poyera za kukokomeza ziwerengero ndi kupupuluma. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Mao sadaione choncho. Adaisindikiza nkuigawa kwa onse, ndipo pa 23 Julayi adamuukira pamaso pa msonkhano. Anthu amene dzulo lake ankagwirizana ndi Peng adatembenuka. Iye pamodzi ndi Huang Kecheng, Zhang Wentian ndi Zhou Xiaozhou adatchedwa gulu loukira chipani. Unduna wake udapatsidwa kwa Lin Biao, yemwe uja adakana kupita ku Korea. Zitatero, ndani akadayerekezanso kunena kuti kumudzi kuli njala? Ndondomekoyo idapitirira, ndipo pofika 1961 anthu osachepera 15 miliyoni adali atafa. Ofufuza ambiri amati 30 miliyoni kapena kuposa.

Masiku omaliza

Peng adachoka m'nyumba za atsogoleri nkukakhala kunja kwa Beijing, kumene ankalima dimba. Mu 1961 adapitanso ku Hunan kukafufuza, ndipo mu 1962 adalemba kalata ina yaitali yodziteteza, imene idangoonjezera milandu. Mu 1965 adamutumiza ku Sichuan kukathandiza pa ntchito ya mafakitale. Chipwirikiti cha Cultural Revolution chitayamba, achinyamata a Red Guards adamugwira ku Chengdu mu Disembala 1966 nkupita naye ku Beijing. Mu Julayi 1967 adamumenya mpaka kumuthyola nthiti, mkulu wa zaka 68, ndipo ankamuyendetsa pamaso pa makamu a anthu atamupachika chikwangwani pakhosi. Adamufunsa mafunso kambirimbiri, koma adakana kuvomera kuti adaukira dziko lake. Adamwalira ndi khansa ya m'matumbo pa 29 Novembala 1974 ali m'manja mwa alonda. Mtembo wake adautentha mobisa, ndipo pa bokosi la phulusa adalembapo dzina labodza lakuti Wang Chuan.

Mao atamwalira mu 1976, zinthu zidasintha. Mu Disembala 1978 chipani chidamuchotsera milandu yonse, ndipo pa mwambo womukumbukira wa pa 24 Disembala, Deng Xiaoping ndiye adalankhula. Patapita zaka, phulusa lake lidabwerera kumudzi kwawo ku Hunan.

Amvetseri, taonani mmene zidayendera. MacArthur adagwa m'msampha mu 1950 chifukwa omuzungulira ankamuuza zokoma zokhazokha, ndipo adalipira ndi anyamata a eni ake. Mao adachita zomwezo mu 1959, ndipo adalipira ndi alimi mamiliyoni. Peng adali pakati pa nkhani ziwirizi: koyamba adapindula ndi kugontha kwa mdani, kachiwiri adaphedwa ndi kugontha kwa bwana wake. Mukakumana m'makalabu mwanu sabata ino, kambiranani funso ili: munthu wobweretsa uthenga wowawa koma woona, kaya kwa amfumu, ku komiti kapena m'banja, timamulandira bwanji? Tilembereni maganizo anu, tidzawawerenga pa pologalamu yathu.